Pang'ono

Chovala cha mtovu chimalemera kwambiri ikakwana leveni usiku.
Uyu ndi wachisanu ndi chimodzi lero,
Don Eleuterio Barría,
amene zaka makumi atatu wakhala akukweza anthu pa chikepe
kuchoka kudoko la Valparaíso
kukawatula kuphiri, kumene nyumba zakangamira ngati nkhupakupa.
Ali maso. Sitigoneka munthu pa ntchito iyi.
Akuyang'ana kudenga, akundiphunzitsa za mabuleki.

Ndalowera pamkono,
waya wonga tsitsi ndamudutsitsa paphewa
mpaka pamtsempha wouma gwa, ngati paipi yakale.
Kabaluni koyamba kakana.
Kachiwiri ndakapopa mopitirira pang'ono.
Pang'ono.
Liwu limeneli ndidzagona nalo.

Ndaponda chopondera, utoto walowa,
ndipo pa sikirini patuluka kautsi
pamalo posayenera kufuka utsi.

Palibe wakuwa. Ximena wangosiya kutafuna chingamu.

Mtsempha wang'ambika.
Magazi akuchucha m'kathumba kokuta mtima,
kathumba kosadziwa kutamuka,
ndipo mtima wayamba kumira m'zake zomwe.
"Nainte," akuwerenga Ximena. "Sevente-faifi."
"Adokotala," akutero Don Eleuterio,
"chikepe chonse chandikhalira pachifuwa."

Baluni yomwe yalakwa ija ndaibwezera pabala,
ndaifufumitsa, chala pa bowo la ndowa.
Koma ndikatseka, mnofu wa kumunsi umafa ndi ludzu;
ndikatsegula, kathumba kamadzaza.
Nditseke mphindi zingati? Ndimumwetse zingati?
Mabuku amapereka nambala.
Mabukuwo sanakumane ndi bambo uyu.

"Sikisite."

Nahuel, wa miyezi inayi yokha pano,
wagwira kamakina koonera m'kati,
milomo yake yayera.
Ndamuuza: usayang'ane ine, yang'ana mdima uwo wozinga mtima.
Singano yaitali ndailasa kunsi kwa fupa la pachifuwa,
kulozetsa kuphewa lamanzere,
mwakachetechete ngati wolowa m'nyumba muli khanda logona.
Jakisoni wadzaza, wakuda bii. Wina. Winanso.

"Chingwe chikaterereka," akunong'ona wodwala wanga,
"sukoka buleki mwaukali.
Umapitiriza kucheza nawo
kuti asayang'ane pansi."
Choncho ndamufunsa mtengo wa tikiti masiku ano.
Wandiyankha. Ndaiwala.

"Eyite," akutero Ximena, mawu abwerera m'malo mwake.

M'kabati mwatsala kamodzi kokha ka saizi yake,
kaukonde kachitsulo kovala nsalu,
kouma khosi, kodana ndi makona.
Pa kona yoyamba kakana kupita.
Ndakabweza, ndapuma, ndakanyengerera,
kadutsa.
Ndakatambasula pabala paja,
ndaponda chopondera kachiwiri.

Utoto wayenda njira yake mpaka kumapeto,
nthambi ndi nthambi.
Utsi kulibe.
Taimabe mphindi khumi, tonse anayi, kuyang'ana chinthu chosachitika.

Pakhonde pali Fresia, mwana wake,
nsapato za bambo ake zili m'jumbo pamiyendo.
Pali mawu ofewa amene tinaphunzira:
zinavuta pang'ono, zimachitika.
Ndakhala pambali pake, ndati:
ndinang'amba mtsempha wa bambo anu.
Ndaumata. Ali moyo, akulankhula.
Usiku uno tiwalondera.
Wandiyang'ana nthawi yaitali,
sanandithokoze, sananditukwane,
wangofunsa ngati awasiyire nsapato.

Thu koloko. Ndavula mtovu,
msana wanyowa ngati ndagwa m'nyanja.
Kudoko sitima ina ikulira.
Patebulo pali fomu yoitanitsira kaukonde kena,
poti mawa kubwera wina ndi mtsempha wake.
Dzanja lomwe silinagwedere pa singano
likulephera kulemba nambala fulii.

Ximena walanda cholembera, walemba yekha,
wandipatsa chingamu.